Jon Postel, Mlembi Yemwe Ankasunga Kaundula wa Mayina a pa Intaneti

M'makompyuta ambiri oyendera Linux ndi mitundu ina ya Unix muli kafayilo kotchedwa /etc/resolv.conf, komwe kawirikawiri sikapyola mizere itatu kapena inayi. Mzere wofunika kwambiri umayamba ndi liwu loti nameserver, lotsatiridwa ndi nambala ya makina omwe kompyutayo iyenera kufunsa ikafuna kudziwa kumene dzina la pa intaneti likupezeka. Nambalayo ikalakwika, nthambo zonse zikhoza kukhala zili bwinobwino koma tsamba lililonse loitanidwa ndi dzina limakana kutseguka. Makina ofunsidwawo nawonso sadziwa zonse. Akasowa yankho amakayambira kufunsa ku kaundula mmodzi wamkulu wotchedwa root, kutanthauza muzu. Kwa zaka zoposa khumi, yemwe ankavomereza zolowa ndi zotuluka m'kaundula ameneyu adali Dr. Jonathan Bruce Postel, katswiri wa makompyuta wa ku America yemwe adamwalira pa 16 Okutobala 1998 ali ndi zaka 55.

Ntchitoyi ankaigwira ali pa yunivesite, ndi ndalama za kafukufuku zochokera ku unduna wa za chitetezo wa dziko lawo. Komabe panalibe lamulo lokakamiza katswiri wa ku Sweden, ku Japan kapena ku South Africa kuti awamvere. Anthu ankawamvera chifukwa chowakhulupirira, ndipo mbiri yawo ndi nkhani ya mmene chikhulupirirocho chidakulira ndi pomwe chidalekezera.

A Postel adabadwa pa 6 Ogasiti 1943 ku Altadena m'chigawo cha California. Adaphunzira pa sukulu ya sekondale ya Van Nuys, komwe kudaphunziranso a Vinton Cerf ndi a Steve Crocker, anthu omwe adadzakhala anzawo pa ntchito moyo wawo wonse. Ku University of California, Los Angeles, adatenga digiri yoyamba ya uinjiniya mu 1966, yachiwiri mu 1968, ndipo ya udokotala wa sayansi ya makompyuta mu 1974. Mu 1969 yunivesiteyi idakhala malo oyamba kulumikizidwa ku ARPANET, netiweki yomwe idabala intaneti, ndipo a Postel adali m'kagulu ka ophunzira komwe kankagwira ntchito pansi pa Pulofesa Leonard Kleinrock.

Ophunzirawo adalibe wowauza mmene makompyuta osiyanasiyana angalankhulirane. Adayamba kulemberana maganizo awo m'zikalata zomwe a Crocker adazitcha Request for Comments, mwachidule RFC, dzina lodzichepetsa losonyeza kuti wolembayo akungopempha ndemanga za anzake. Choyamba chidatuluka pa 7 Epulo 1969. Posakhalitsa padafunika munthu wopereka manambala a zikalatazo, kuziwerenga ndi kuzikonza, ntchito yosapatsa ulemu yomwe achinyamata anzeru ambiri akadaithawa. A Postel adaitenga, ndipo adakhala mkonzi wa zikalata za RFC mpaka imfa yawo. Mu 1972 adalemba chikalata cha RFC 349 chopempha kuti pakhale munthu mmodzi wogawa manambala a makomo omwe mapulogalamu amalumikiziranapo, ndipo mwanthabwala adadzitchula okha kuti mwina angakhale iwowo. Palibe adatsutsa. Kaundula yemwe adayamba motere ndiye adadzatchedwa Internet Assigned Numbers Authority, kapena IANA.

Atagwirako ntchito ku MITRE ndi ku Stanford Research Institute, mu 1977 adasamukira ku Information Sciences Institute, nthambi ya University of Southern California yomwe ili ku Marina del Rey, ndipo sadachokekonso. Zikalata zomwe ndi maziko a intaneti zidadutsa m'manja mwawo ali kumeneko: RFC 768 ya UDP mu 1980, RFC 791 ya IP ndi RFC 793 ya TCP mu Seputembala 1981, komanso RFC 821 yonena za katumizidwe ka imelo mu 1982. Ndiwonso adalemba ndondomeko yosamutsira ARPANET yonse ku TCP/IP pa 1 Januwale 1983. Zikalata za RFC zomwe adalemba okha kapena ndi anzawo n'zoposa 200. M'zikalata za TCP adasiyamo langizo lomwe akatswiri amalitchula ndi dzina lawo mpaka lero, loti pulogalamu izisamala kwambiri kuti zomwe ikutumiza zitsate malamulo, koma izilandira mololera zomwe anzake atumiza. Masiku ano ena amalidzudzula kuti kulolera koteroko kumalekerera zolakwika n'kutsegulira mpata akuba a pa intaneti, ndipo chidzudzulocho chili ndi maziko ake. Koma m'zaka zomwe makina a makampani osiyanasiyana ankaphunzira kumene kumvana, langizolo lidathandiza kuti netiweki isagawikane.

Nkhani ya mayina idali ndi vuto lakelake. Makina amadziwana ndi manambala, pomwe anthu amakumbukira mayina. Poyamba yankho lidali fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT, yomwe inkasungidwa ndi gulu la mayi Elizabeth Feinler ku Stanford Research Institute. Wofuna kuonjezera kompyuta yatsopano ankaimba lamya kapena kutumiza uthenga kumeneko, dzina ndi nambala zinkalembedwa, ndipo malo ena onse ankakopera fayiloyo. Makina ali ochepa, njirayi inkayenda. Atafika mazanamazana, fayilo inkatha ntchito isanafike n'komwe kwa onse, mayina adayamba kuwombana, ndipo makina osungira fayiloyo ankalemedwa ndi okopera. Chotsalira cha nthawi imeneyo chikadalipo m'makompyuta a Unix: fayilo ya /etc/hosts, momwe woyang'anira makina amalemba ndi manja nambala ndi dzina pa mzere umodzi. Pa Linux, fayilo ina ya /etc/nsswitch.conf ndiyo imanena koyambira kufufuza, ndipo m'makina ambiri mzere wake wa hosts umaika liwu loti files patsogolo pa dns, kutanthauza kuti kaundula wam'nyumba amawerengedwa asanafunsidwe wakunja.

A Postel adapempha mnzawo wa pa Information Sciences Institute, a Paul Mockapetris, kuti aone maganizo angapo omwe adaperekedwa ndi kupeza njira yowagwirizanitsa. A Mockapetris adabwera ndi njira yawoyawo, Domain Name System kapena DNS, yomwe idafotokozedwa mu RFC 882 ndi 883 mu Novembala 1983, n'kulembedwanso mu RFC 1034 ndi 1035 mu 1987. Ulemu wokonza DNS ndi wa a Mockapetris, ndipo nkhani zina zimalakwitsa poupereka kwa a Postel. Nzeru yake idali yogawa udindo. Dzina ngati www.usc.edu limawerengedwa kuyambira kumapeto. Muzu umangodziwa makina osunga edu, makina a edu amangodziwa osunga usc, ndipo a ku yunivesiteyo ndiwo amadziwa nambala ya www. Aliyense amakonza gawo lake osapempha chilolezo kwa wina, ndipo yankho likapezeka limasungidwa kwa kanthawi komwe mwini dzinalo waika kuti funso lomwelo lisamabwerezedwe. Mafunso onsewa amadzera pa khomo nambala 53, imodzi mwa manambala a m'kaundula wa a Postel. Ophunzira a ku Berkeley adalemba pulogalamu ya BIND mu 1984, ndipo Unix ya 4.3BSD itatuluka mu 1986 idabwera ndi kafayilo ka resolv.conf kaja. Kalembedwe kake sikadasinthe kwenikweni: ma nameserver osaposa atatu, ndi mzere wa search wotchula mayina oti aziphatikizidwa ku dzina lalifupi. Chomwe chasintha n'choti m'ma Linux ambiri a lero kafayiloka kamalembedwa ndi mapulogalamu ngati NetworkManager kapena systemd-resolved, kotero wokakonza ndi manja amadabwa kupeza kuti zomwe adalemba zafufutika makina atayatsidwanso.

Kugawa udindo kudachotsa kaundula mmodzi wamkulu, koma kudasiya kakaundula kakang'ono pamwamba pa zonse, ndipo mphamvu zidaunjikana pamenepo. Mu Okutobala 1984, a Postel ndi mayi Joyce Reynolds, omwe adagwira nawo ntchito ya IANA kwa zaka zambiri, adalemba RFC 920 yokhazikitsa mayina apamwamba monga com, edu, gov, mil ndi org. Pa mayina a mayiko adachenjera. Adatenga mndandanda wa zilembo ziwiriziwiri wa ISO 3166, womwe udalipo kale, pofuna kuti IANA isalowe m'mikangano yogamula kuti dziko ndi liti ndipo lomwe si dziko ndi liti. Mu RFC 1591 ya mu Malichi 1994 adalongosola kuti wolandira dzina la dziko ndi msungi chabe wogwirira ntchito anthu a m'dzikolo ndi a pa intaneti yonse, ndipo kuti pa nkhaniyi n'koyenera kukamba za udindo ndi utumiki kusiyana ndi umwini.

Umu ndi mmene mayiko a kum'mwera kwa Africa adalowera m'kaundula: za ya South Africa mu 1990, zw ya Zimbabwe mu 1991, mz ya Mozambique mu 1992, zm ya Zambia mu 1994 ndi mw ya Malawi mu 1997. Nthawi zambiri wolandira ankakhala munthu woyamba kupempha yemwe adaonetsa kuti ntchitoyo aitha, kawirikawiri katswiri wa pa yunivesite, monga zidalili ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Njirayi idali yachangu, ndipo mayiko adalumikizidwa maboma awo asanayambe n'kuganiza komwe za intaneti. Kuipa kwake kudaoneka pambuyo pake, maboma atazindikira kuti chizindikiro cha dziko lawo chili m'manja mwa anthu omwe iwo sadawasankhe. Ku South Africa, komwe a Mike Lawrie adayendetsa za kwa zaka zambiri mongodzipereka, nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo mu 2002 loti pakhale bungwe lapadera loyang'anira dzinalo. M'chaka chomwecho IANA idasamutsa mw kuchoka kwa omwe adailandira poyamba kupita ku Malawi SDNP. Mikangano yotere idabuka m'mayiko ambiri, ndipo gwero lake lidali lomwelo: dongosolo lomangidwa pa kudziwana kwa akatswiri ochepa.

Anthu omwe adawaona amakumbukira munthu wa ndevu zazitali, wokonda kuvala nkhwaira, wosalankhulitsa, yemwe ankapumulira pokwera mapiri a Sierra Nevada. Adali membala woyamba wa bungwe la Internet Society. Mphamvu zomwe adali nazo sadalemere nazo.

Ndalama ndizo zidasintha zinthu. Kuyambira mu 1993 kampani ya Network Solutions inkalembetsa mayina a com, net ndi org pa mgwirizano ndi boma la America, ndipo mu Seputembala 1995 idaloledwa kulipiritsa madola 100 pa dzina lililonse kwa zaka ziwiri. Mwadzidzidzi mzere umodzi wa m'kaundula wa muzu udasanduka chuma. A Postel adafuna kuti paonjezedwe mayina ena apamwamba kuti kampani imodzi isalamulire msika, ndipo adathandizira komiti ya mayiko osiyanasiyana yomwe idapereka ndondomeko yake mu 1997. Kampaniyo idatsutsa, andale a ku Washington adakwiya poona kuti mabungwe a ku Geneva akulowererapo, ndipo boma la Pulezidenti Bill Clinton lidayamba kukonza ndondomeko yakeyake.

Nthawi imeneyo muzu unkasungidwa pa makina 13 otchulidwa ndi zilembo A mpaka M. Makina a A, omwe nambala yake ndi 198.41.0.4, adali m'manja mwa Network Solutions, ndipo enawo ankakopera kaundula kuchokera pamenepo. Pa 28 Januwale 1998, a Postel adatumiza imelo kwa oyang'anira 8 mwa makina 12 otsalawo, kuwapempha kuti asinthe pomwe amakopera, achoke pa A apite pa makina a IANA. Ntchito yake idali yaing'ono, kusintha nambala imodzi m'fayilo yoyendetsera pulogalamu ya DNS. Onse 8 adachita zomwe adapemphedwa. Anthu wamba sadaone kusintha kulikonse, popeza makina a IANA ankapereka kaundula yemweyo osasintha kanthu. Koma kwa masiku angapo muzu wa intaneti udali ndi mitu iwiri, ndipo a Postel akadafuna akadatha kuonjezera dzina lililonse pa mbali yaikuluyo.

Iwo adafotokoza kuti kudali kuyesa chabe, kuona ngati muzu ungasamutsidwe bwino mgwirizano wa kampaniyo ukadzatha. Olemba mbiri ena amati adafuna kuonetsa boma kuti akatswiri amamvera ndani. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona. A Ira Magaziner, mlangizi wa Pulezidenti Clinton pa za intaneti, adalankhula nawo pa lamya ndi kuwauza kuti abwezere zinthu mwakale, ndipo pasanathe masiku ambiri makina onse adabwerera pa A. Pa 30 Januwale boma lidatulutsa chikalata cha maganizo ake chotchedwa Green Paper, ndipo mu Juni lidatulutsa White Paper yofuna kuti pakhale bungwe latsopano losachita malonda. Kuchokera apo kusintha kulikonse kwa muzu kudayenera kudzera ku boma la America.

A Postel sadanyanyale. Miyezi yawo yomaliza adaithera pokonza malamulo a bungwe latsopanolo, Internet Corporation for Assigned Names and Numbers, lomwe lidalembetsedwa ku California mu Seputembala 1998, ndipo kumayambiriro kwa Okutobala adapereka ndondomeko yake ku unduna wa za malonda. Patangopita masabata awiri adamwalira m'chipatala ku Santa Monica, atachitidwa opaleshoni ya mtima. A Cerf adalemba mawu owakumbukira m'chikalata cha RFC 2468, ndipo ukonzi wa zikalatazo udapitirizidwa ndi mayi Reynolds pamodzi ndi a Bob Braden. Internet Society idakhazikitsa mphoto ya dzina lawo yoperekedwa kwa otumikira intaneti kwa nthawi yaitali, yomwe mu 2007 idapita kwa Dr. Nii Quaynor wa ku Ghana.

Boma la America lidasunga udindo wake woyang'anira IANA kwa zaka zina 18, mpaka mgwirizano wake ndi ICANN udatha pa 1 Okutobala 2016. Mayina a makina a muzu akadali 13, ngakhale kuti kuseri kwa dzina lililonse tsopano kuli makina ambiri omwazikana m'makontinenti osiyanasiyana, Africa yomwe. Makina a chilembo B akuyendetsedwabe ndi Information Sciences Institute, komwe a Postel adagwira ntchito zaka 21.