Kamuzu Banda: womasulira wa ku Boksburg amene adakweza Chichewa

Dr Hastings Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa dziko la Malawi, amakumbukiridwa kwambiri chifukwa chothetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Koma moyo wawo udalukananso ndi mbiri ya Chichewa, ndipo ntchito ya zilankhulo adayamba kuigwira ku Boksburg, tauni ya migodi imene lero ili mu mzinda wa Ekurhuleni, kum'mawa kwa Johannesburg.

Dr Banda adabadwira ku Kasungu cha m'ma 1898. Ali mnyamata adayenda wapansi mpaka ku Southern Rhodesia, komwe adagwirako ntchito pachipatala cha Hartley asadapitirire ulendo wa ku Joni. Pa mgodi wa golide wa Witwatersrand Deep ku Boksburg adakhala kalaliki komanso womasulira pakati pa mabwana ndi anthu okumba mgodi, omwe adali a mitundu yosiyanasiyana. Ali komweko adalowa mpingo wa African Methodist Episcopal, umene udawathandiza kupita kukaphunzira ku America mu 1925.

Pa yunivesite ya Chicago adakumana ndi katswiri wa zilankhulo, Mark Hanna Watkins, namufotokozera kayankhulidwe ka kwawo. Pa ntchitoyi padatuluka buku la A Grammar of Chichewa mu 1937, chaka chomwe iwo adatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry. Mu 1946 adathandizana ndi mbusa Cullen Young kumasulira m'Chingerezi nkhani za alembi atatu a ku Nyasaland m'buku la Our African Way of Life.

Adabwerera kumudzi pa 6 Julaye 1958 patatha zaka zoposa 40, ndipo pamisonkhano ankayankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Atsamunda adawamanga pa 3 Malichi 1959 n'kukawatsekera kundende ya Gwelo kufikira pa 1 Epulo 1960. Dziko lidalandira ufulu pa 6 Julaye 1964.

Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chilankhulo cha fuko, pambali pa Chingerezi. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972 kuti likonze kalembedwe ndi kupanga mawu atsopano. Chigamulocho chidapatsa Amalawi chilankhulo chomvanirana, koma chidapweteka ena. Chitumbuka chidachotsedwa pawayilesi ndi m'sukulu, ndipo mu ulamuliro wa chipani chimodzi, womwe unkatsekera otsutsa popanda kuwazenga mlandu, padalibe poti n'kudandaulira.

Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri mu 1993, ndipo Dr Banda adagonja pachisankho cha 1994. Chaka chomwecho Chitumbuka chidamvekanso pawayilesi ya MBC. Iwo adamwalira pa 25 Novembala 1997 kuchipatala ku Johannesburg, ndipo adaikidwa m'manda ku Lilongwe.