Mbusa Kata Ragoso: Mlonda wa ku Marovo

Kata Ragoso anabadwa mu 1902 ku Marovo, m'zilumba za Solomon za m'nyanja ya Pacific. Atate ake, a Tatagu, anali mfumu. Mu 1914 mmishonale G. F. Jones anafika kumeneko ndi uthenga wa Adventi, ndipo Ragoso anali mmodzi wa anyamata oyamba kulowa sukulu ya mishoni. Pambuyo pake anadzozedwa ubusa, nakakhala nawo pa msonkhano waukulu wa mpingo ku San Francisco mu 1936.

Mu 1942 ankhondo a Japan analowa m'zilumbazo. Amishonale ochokera kunja anasamutsidwa, ndipo udindo wonse wa mpingo unatsala m'manja mwa Ragoso. Iye sanathawe nkhosa zake, komanso sanagwire mfuti. Anaika alonda m'mbali mwa nyanja kuti aziyang'anira mlengalenga ndi pamadzi. Ndege ikagwa kapena chombo chikamira, amuna ankapalasa mabwato kukavuula opulumuka, kuwabisa, kuwadyetsa ndi kuwaperekeza kwa anzawo. Mwa njira imeneyi asilikali ambiri a America ndi a mayiko ogwirizana nawo anapulumuka. Ife a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Kande ndi Chintheche kufikira ku Usisya, tikudziwa kuopsa kwa bwato pa mafunde usiku. Iwo ankapalasanso pakati pa adani.

Yesero lowawa koposa linachokera ku mbali imene iye ankaithandiza. Mkulu wina wa asilikali, atakwiya ndi kukana kwake kuchita zosemphana ndi chikumbumtima, anamumenya, namutsekera, nalamula kuti awomberedwe. Lamulolo silinachitike, ndipo Ragoso anatuluka wamoyo nabwerera ku ntchito yake yopulumutsa anthu.

Nkhondo itatha mu 1945, amishonale anapeza mpingo ukali chiimire. Ragoso anathandiza kumasulira Baibulo m'chinenero cha Marovo, ndipo linasindikizidwa mu 1956. Anamwalira mu 1964.

Werengani Ezekieli 33:1-7. Mlonda saweruzidwa ndi kukula kwa mdani, koma ndi kukhulupirika kwake pa malo amene anaikidwa.

Zokambirana: Kodi atsogoleri amene timawadalira atachotsedwa lero, mpingo wathu ungapitirire kusonkhana pa Sabata? Nanga tikukonzekeretsa yani kuti adzasenze udindo umenewo?