Mbiri ya malemu Gene Roddenberry, mwini sewero la Star Trek

Malemu Bambo Gene Roddenberry, amene anayambitsa sewero la pa wailesi ya kanema lochedwa Star Trek, anabadwa pa 19 Ogasiti 1921 mu mzinda wa El Paso m'dziko la America. Iwo anakulira ku Los Angeles komwe atate awo anali wapolisi.

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, Bambo Roddenberry anali kuyendetsa ndeke zankhondo. Pambuyo pake analowa nchito ku kampani ya Pan American, ndipo mu 1947 anapulumuka ngozi ya ndeke imene inagwa m'cipululu ca Syria, nathandiza kupulumutsa anzawo. Mu 1949 analowa upolisi, koma anausiya mu 1956 kuti azilemba masewero.

Sewero lawo loyamba, The Lieutenant, linawadanitsa ndi akuluakulu a asilikali cifukwa ca gawo lina lokamba za tsankho pakati pa azungu ndi anthu akuda. Motero polemba Star Trek, nkhani za tsankho ndi nkhondo anazisamutsira kumaiko a kutali mumlengalenga, kumene zikanakambidwa popanda wowatseka pakamwa.

Gawo loyesera, The Cage, linakanidwa ndi wailesi ya NBC mu 1965, koma wailesiyo inalola kuti ajambule lina ku Desilu, kampani ya Mai Lucille Ball. Seweroli linayamba kuonetsedwa pa NBC pa 8 Seputembala 1966.

Kucepa kwa ndalama kunabala nzeru. Kujambula combo ca Enterprise cikutera pansi sabata iliyonse kunali kokwera mtengo, conco anapeka makina osamutsa munthu m'kuphethira kwa diso. Zitseko zimene zinali kuoneka ngati zikutseguka zokha zinali kukokedwa ndi anchito obisala kuseri.

Akuluakulu a NBC anaopa kuti makutu osongoka a Spock, amene anaseweredwa ndi Leonard Nimoy, adzakumbutsa anthu za Satana, ndipo anawasintha pa zithunzi zolengezera sewerolo. Bambo Roddenberry anakana kumucotsa, ndipo Spock anakhala mmodzi wa okondedwa kwambiri.

M'combomo anaikamo anthu a mitundu yosiyanasiyana, kuphatikizapo mkazi wakuda, Uhura, amene dzina lake linacokera ku mau a Ciswahili akuti uhuru, kutanthauza ufulu. Mai Nichelle Nichols, amene anasewera Uhura, anafuna kusiya caka coyamba citatha, koma Martin Luther King Jr. anawalimbikitsa kukhalabe, popeza nthawi imeneyo kuona mkazi wakuda ali pa udindo pa kanema cinali cinthu cacilendo.

Seweroli linaimitsidwa mu 1969 litaonetsa zigawo 79 cabe, cifukwa wailesi inaona kuti oonerera ndi ocepa. Linachuka pamene mawailesi ena anayamba kulibwereza, ndipo panatuluka filimu mu 1979 komanso sewero latsopano, The Next Generation, mu 1987. Akazi awo aciwiri, Mai Majel Barrett, ndiwo anali mau a kompyuta ya m'combo.

Bambo Roddenberry anamwalira pa 24 Okutobala 1991 ku Santa Monica ali ndi zaka 70. Mu 1992 gawo la phulusa la mtembo wawo linanyamulidwa kupita mumlengalenga pa combo ca Columbia.