Dokotala Denis Burkitt: Munthu Amene Adalondola Chotupa cha Ana pa Mapu

Mwa matenda amene madokotala a ana amalimbana nawo pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central mu mzinda wa Lilongwe, muli nthenda ina yotchedwa dzina la munthu. Iyo ndi khansa yotupitsa nsagwada, diso kapena mimba ya mwana, ndipo m'mabuku a zachipatala imalembedwa kuti Burkitt lymphoma. Ili m'gulu la khansa zofala koposa pakati pa ana a m'Malawi muno. Mwini dzinalo, Dokotala Denis Parsons Burkitt, adamwalira kale, koma mbiri yawo njofunika kwa aphunzitsi ndi ophunzira omwe, pakuti imaonetsa m'mene nzeru ya zachipatala imabadwira, m'mene imalembedwera m'magazini a madokotala, ndi mtunda umene imayenda isanafike pa bedi la wodwala.

A Burkitt adabadwa pa 28 February, 1911, ku Enniskillen, kumpoto kwa chilumba cha Ireland. Bambo awo, a James Burkitt, adali injiniya woyang'anira misewu, koma pa nthawi yopuma ankakonda kuphunzira za mbalame. Ankaveka timbalame timphete m'miyendo kuti azitizindikira kamodzikamodzi, nalemba pa mapu dera limene kalikonse kankakhala. Mwana wawo adakula akuona kuti chinthu chikawerengedwa bwino n'kuikidwa pa mapu, chimaulula zimene zidali zobisika.

Ali ndi zaka 11, mnyamatayo adagendedwa ndi mwala ku sukulu, ndipo diso lake la kumanja lidawonongeka kotheratu. Ngoziyo sidamubweze m'mbuyo. Adalowa koleji ya Trinity mu mzinda wa Dublin kukaphunzira zauinjiniya, koma posakhalitsa adasintha nayamba zaudokotala, pokhulupirira kuti ndiyo ntchito imene Mulungu adamuitanira. Adatsiriza mu 1935, ndipo mu 1938 adakhoza mayeso a udokotala wa opaleshoni ku Edinburgh. Atafunsira ntchito ya ku Africa ulendo woyamba adakanidwa chifukwa cha diso limodzilo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndiyo idawatsegulira njira, popeza adatumizidwa ku Kenya ndi ku Somaliland ngati dokotala wa asilikali. Mu 1946 adayamba ntchito ku Lira, m'dziko la Uganda, kenaka adasamukira ku chipatala cha Mulago mu mzinda wa Kampala.

Ku Mulago, m'chaka cha 1957, dokotala mnzawo Hugh Trowell adawaitana kuti adzaone mnyamata wa zaka zisanu amene nsagwada zake zidatupa mbali zonse, zakumwamba ndi zakunsi zomwe. A Burkitt adamujambula chithunzi nalemba zonse zimene adaona, koma chothandizira mwanayo adalibe. Patapita masabata owerengeka adaonanso mwana wina wotupa chimodzimodzi ku Jinja, ndipo uyu adali ndi zotupa zina m'mimba. Wina akadangoti zangochitika. Iwo adabwerera ku Mulago nakafukula makalata akale a odwala, ndipo adapeza kuti ana otere adakhala akubwera kwa zaka zambiri, koma chotupa cha nsagwada chinkalembedwa pachokha, cha diso pachokha, cha impso pachokha, ngati matenda osiyana. Apa adazindikira kuti nthenda ndi imodzi, yongotulukira m'ziwalo zosiyana.

Mu 1958 adalemba za ana 38 m'magazini ya madokotala a opaleshoni yotchedwa British Journal of Surgery. Nkhaniyo idapita ngati madzi otayikira pa mchenga, pakuti akatswiri a khansa sankawerenga kawirikawiri magaziniyo. Mu 1961, mothandizana ndi Dokotala Gregory O'Conor amene ankapima minofu pa makina okuzira zinthu, adalembanso m'magazini ya ku America yotchedwa Cancer, naonetsa kuti chotupacho chimachokera m'maselo oyera otchinjiriza thupi ku matenda. Ulendo uno dziko lidatchera khutu. Awerengi aone pamenepa kuti chinthu choona chitha kugona m'magazini osadziwika, ngati sichidafike kwa oyenera kuchimva.

Funso lotsatira lidali lakuti nthendayi imapezeka kuti ndipo imalekezera pati. Ndi ndalama zochepa kwambiri, a Burkitt adasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana odwala, natitumiza pa positi ku zipatala za boma ndi za mishoni m'Africa monse. Mayankho ankawaika pa mapu ndi timisomali, monga momwe bambo awo ankachitira ndi mbalame. Pang'onopang'ono mapuwo adaonetsa lamba wopingasa pakati pa Africa, wokhala ndi mchira wotsikira kummwera motsata mbali ya kuvuma. Dziko la Nyasaland lidali mumchiramo.

Pofuna kuona okha polekezera mchirawo, mu October 1961 adanyamuka ku Kampala pamodzi ndi madokotala anzawo awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, pa galimoto yakale ya Ford. Kwa masabata khumi adayenda mailosi 10,000, nayendera zipatala zoposa 50, kudzera ku Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Mozambique, Southern Rhodesia mpaka ku South Africa. Paliponse ankaonetsa zithunzi kwa madokotala, anamwino ndi othandizira awo, n'kufunsa ngati adaonapo mwana wotere, ndiponso mudzi umene adachokera. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kafukufuku ameneyu adali wa kufunsa basi, wopanda makina odula.

Zimene adapeza adazilemba mu 1962 m'magazini a British Journal of Cancer ndi British Medical Journal. Kufupi ndi Uganda, chotupacho chinkasowa pa malo okwera kupitirira mamita 1,500. M'Nyasaland ndi ku Rhodesia malirewo adatsikira pa mamita pafupifupi 900, ndipo odwala ankachokera makamaka m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje ikuluikulu. Ku South Africa malire adatsikiranso pa mamita 300. Tsono nkhani sidali ya kukwera kwa malo pakokha, koma ya kuzizira. Mothandizidwa ndi katswiri wa tizilombo Alexander Haddow, kudaoneka kuti nthendayi imakonda malo otentha ndi a mvula yokwanira, ndiwo malo omwewo amene udzudzu umaswana.

Kuti awerengi amvetse malirewo, aganizire za ulendo wochokera ku Salima kukwera ku Lilongwe. Nyanja ili pa mamita osafika 500, pamene mzinda wa Lilongwe uli pa mamita opitirira pang'ono 1,000. Mzere wa a Burkitt umadutsa pakati pa malo awiriwa. Pa nthawi ya ulendo wawo, Lilongwe idali tauni yaing'ono yozungulira kumene lero kumatchedwa ku Old Town. Ku City Centre ndi ku Capital Hill kudali tchire, pakuti likulu lidasamukira kumeneko mu 1975. Komabe mzerewo si mpanda. Kulikonse kumene malungo ali ochuluka, ngakhale m'midzi ya m'chidikha cha Lilongwe, mwana atha kudwala nthendayi.

Poyamba a Burkitt ankaganiza kuti udzudzu umanyamula kachilombo koyambitsa khansayo. Mu March 1961 adakamba za chotupachi pa chipatala cha Middlesex ku London, ndipo mwa omvera mudali Dokotala Anthony Epstein, amene adapempha kuti azimutumizira tizidutswa ta zotupa pa ndege kuchokera ku Kampala. Kwa zaka pafupifupi zitatu sadapeze kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mu March 1964, a Epstein, Bert Achong ndi Yvonne Barr adalengeza m'magazini ya The Lancet kuti aona kachilombo katsopano m'maselo a chotupacho. Kachilomboko, kotchedwa Epstein-Barr, ndiko koyamba kupezeka kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu.

Koma padabuka chodabwitsa. Kachilomboko kadapezeka kuti kali mwa anthu akuluakulu asanu ndi anayi mwa khumi alionse pa dziko lonse, ku London ngati ku Kampala, ndipo kamafala kudzera m'malovu, osati mwa udzudzu. Nanga n'chifukwa chiyani chotupa chinkasankha ana a kumalo otentha? A Burkitt sadaumirire ganizo lawo loyamba. Mu 1969 adalemba movomereza ganizo limene ena adaliyambitsa, lakuti udzudzu umabweretsa malungo, ndipo malungo obwerezabwereza ndiwo amasokoneza chitetezo cha mwana. Lero kudadziwika kuti malungo amachititsa maselo oyera kuchulukana mopitirira, kachilombo kaja kamathandiza maselowo kusafa, ndipo mwa ana ena ochepa selo limodzi limasokonekera mkati mwake n'kuyamba kugawikana mosalekeza. Umu ndi m'mene magazini a zachipatala amagwirira ntchito: wina alemba, wina atsutsa, wina awongola, kufikira choona chitayera.

Kudziwa gwero pakokha sikudawakwanire, popeza ana ankamwalirabe m'manja mwawo. Ku Uganda kudalibe makina owotchera khansa, ndipo mpeni sukadatha chotupa chofalikira chotere. Motero adapempha makampani opanga mankhwala kuti awapatse methotrexate ndi cyclophosphamide. Zotsatira zake zidadabwitsa madokotala, pakuti mwa ana ena chotupa chachikulu chinkafwa m'masiku owerengeka atangolandira mankhwala kamodzi kapena kawiri, ndipo ena adachiriratu. Khansa yokula msanga koposa idapezeka kuti ndiyonso yomva mankhwala msanga.

Mu 1966 a Burkitt adachoka ku Uganda nakagwira ntchito ya kafukufuku ku London. Kumeneko adayamba nkhondo yawo yachiwiri. Adakumbukira kuti pa zaka 20 za ku Africa sankaona kawirikawiri khansa ya m'matumbo aakulu, kudzimbidwa kosatha ndi matenda ena amene adadzaza zipatala za ku Ulaya. Potsata maganizo a Dokotala Peter Cleave, adaloza chala zakudya zokonoledwa, zochotsedwa gaga yense. Adalemba za ichi mu Cancer m'chaka cha 1971, ndipo mu 1979 adatulutsa buku la anthu wamba lotchedwa Don't Forget Fibre in Your Diet. Sizonse zimene adanena zidatsimikizika, koma mu 2019 The Lancet idasindikiza kafukufuku wophatikiza zofufuza zambiri, woonetsa kuti odya zakudya za gaga wokwanira, magalamu 25 mpaka 29 pa tsiku, sadwala kawirikawiri mtima, shuga ndi khansa ya m'matumbo. Uthengawu ukukhudza mabanja a ku Area 10, Area 43 ndi Area 47 amene adasiya mgaiwa n'kukonda buledi woyera ndi zokazinga. Nyemba, nandolo, mbatata, bonongwe ndi ufa wa mgaiwa za mu msika wa ku Old Town ndizo zakudya zimene dokotalayu ankauza azungu anzake kuti atengereko chitsanzo.

Mu 1972 a Burkitt adalandira mphotho ya Lasker ya ku America, nasankhidwanso kukhala membala wa bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society. Adakhalabe munthu wodzichepetsa ndi wopemphera, wokonda kutchula anzake amene adagwira nawo ntchito. Adamwalira pa 23 March, 1993, ku Gloucester, m'dziko la England, ali ndi zaka 82.

Ntchito imene adaiyamba ikadali pakati. Chipatala cha Kamuzu Central, chimene chidatsegulidwa mu 1977, chimalandira ana odwala nthendayi kuchokera ku Salima, Nkhotakota, Dowa, Mchinji, Dedza ndi maboma ena a chigawo chapakati. Mu 2016, madokotala ofufuza pa chipatalachi adalemba mu British Journal of Haematology kuti mwa ana khumi alionse amene adawatsatira, pafupifupi atatu okha ndiwo adali ndi moyo patatha miyezi 18. M'maiko olemera amachira ana asanu ndi anayi mwa khumi. Kusiyanaku kumabwera chifukwa ana ambiri amafika mochedwa, nthenda itafalikira, ndiponso ali onyentchera kotero kuti thupi silipirira mankhwala amphamvu. N'chifukwa chake mu 2018 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidaika chotupa cha Burkitt pakati pa khansa zisanu ndi imodzi za ana zoyenera kuyambira, ndi cholinga chakuti pofika 2030 ana 60 mwa 100 azichira. Ku mbali ya kupewa, ana a ku Lilongwe adatenga nawo mbali pa kuyesa katemera wa malungo pa chipatala cha ku Area 18, ndipo mu April 2019 Malawi idakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemerayo kwa ana m'zipatala za boma.

Gawo lotsala lili m'manja mwa makolo ndi aphunzitsi. Chotupa cha Burkitt chimakonda ana a msinkhu wa ku pulayimale, makamaka anyamata, ndipo chimakula moonekera m'masiku owerengeka. Tsaya lotupa mwadzidzidzi, mano ogwedera popanda chifukwa, diso lotuzuka, mimba yokula ndi yolimba, kapena miyendo yofooka mosayembekezeka, zonsezi n'zizindikiro zimene ambiri amaziyesa matsagwidi, dzino lobooka kapena kulodzedwa. Masabata otayidwa poyendayenda kwa asing'anga ndiwo amene nthendayi imapambanira. Mphunzitsi amene amaona nkhope za ana makumimakumi m'mawa uliwonse poitana maina ali pa malo abwino koposa ozindikirira tsaya losintha, n'kuuza kholo kuti mwana apite ku chipatala tsiku lomwelo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Zimene Dokotala Burkitt adapeza ndi diso limodzi, kope ndi mapu, zimapulumutsa moyo pokhapokha mwanayo akafika kwa dokotala nthawi ikadalipo.