Srinivasa Ramanujan, mnyamata amene masamu a m'kalasi anamuchepera

Srinivasa Ramanujan anabadwa pa 22 Disembala 1887 ku Erode, kum'mwera kwa dziko la India, ndipo anakulira m'tauni ya Kumbakonam. Bambo ake anali kalaliki m'sitolo ya nsalu. Ndalama sizinkakwana, choncho banjali linkasunga ophunzira a ku koleji amene ankalipira malo ogona.

Ali ndi zaka 11, Ramanujan anali atadziwa kale masamu onse amene ophunzira awiri a pakhomopo ankadziwa. Kenako anabwereka buku la S. L. Loney lophunzitsa kuyeza makona ndi mbali za zinthu za makona atatu. Pofika zaka 13 anali atalimaliza.

Mu 1903, mnzake anamubwerekera buku la G. S. Carr ku laibulale. Carr analemba bukuli pofuna kuthandiza okonzekera mayeso ovuta. Munali mfundo za masamu zikwizikwi, koma zambiri zinalembedwa mwachidule, popanda njira yonse yofikira pa yankho. Ramanujan ankafufuza njirayo yekha, ndipo anayamba kutulukira mfundo zakezake. Mapepala anali odula, choncho ankawerengera pa sileti n'kumafuta, ndipo m'kope ankalembamo yankho lokha.

Mu 1904 anamaliza sekondale ndipo anapatsidwa thandizo la ndalama kuti aphunzire pa Government College ku Kumbakonam komweko. Mavuto anayambira pamenepo. Mtima wake wonse unali pa masamu, maphunziro ena n'kuwanyalanyaza. Analephera mayeso ndipo thandizo lija linatha. Anayesanso pa Pachaiyappa's College ku Madras, mzinda umene lero umatchedwa Chennai, koma analepheranso. Anakhala zaka zingapo mu umphawi, wopanda digiri ndiponso wopanda ntchito yokhazikika, akudzaza makope ake ndi masamu. Anakwatira Janaki mu 1909, ndipo mu 1912 anapeza ntchito ya ukalaliki pa doko la Madras.

Mu Januwale 1913 analembera kalata G. H. Hardy, katswiri wa masamu wa ku yunivesite ya Cambridge ku England. M'kalatamo anaikamo zina mwa zimene anatulukira. Hardy ataziunika ndi mnzake J. E. Littlewood anaona kuti wolembayo anali ndi luso losowa, ndipo mu 1914 Ramanujan anafika ku Cambridge. Kumeneko zinaoneka kuti kuphunzira yekha kunamusiyira mipata. Mayankho ankawapeza, koma kusonyeza bwinobwino chifukwa chake ali olondola kunkamuvuta. Hardy anamuthandiza pa zimenezi ndipo anagwira ntchito limodzi zaka pafupifupi zisanu. Analandira digiri mu 1916, ndipo mu 1918 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, bungwe la akatswiri a sayansi ku Britain.

Tsiku lina Hardy anapita kukamuzonda akudwala, atakwera takisi ya nambala 1729. Iye ankaona kuti nambalayi ndi yosasangalatsa, koma Ramanujan anamuonetsa chinsinsi chake. Yesani nanunso. Chulukitsani 12 x 12 x 12, mupeza 1728. Onjezani 1 x 1 x 1, mupeza 1729. Tsopano 10 x 10 x 10 ndi 1000, ndipo 9 x 9 x 9 ndi 729. Mukaphatikiza mupezanso 1729. Palibe nambala yocheperapo imene imapezeka m'njira ziwiri zoterezi.

Ku England thupi lake linafooka. Kunkazizira, ndipo popeza iye sankadya nyama, chakudya chomuyenera chinkavuta kupeza pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anabwerera ku India mu 1919 ndipo anamwalira pa 26 Epulo 1920 ali ndi zaka 32.

Makope ake anasungidwa, ndipo akatswiri anatha zaka zambiri akutsimikizira zimene zinalembedwamo. Pafupifupi zonse zinapezeka zolondola. Ku India, tsiku limene iye anabadwa amalikumbukira chaka chilichonse ngati tsiku la masamu.