Bishopu Mackenzie: Katswiri wa Masamu Yemwe Anaphonya ku Magomero

Ndinakulira kufupi ndi Magomero m'boma la Chiradzulu, ndipo Bishopu Mackenzie ndinkamudziwa ngati mmishonale basi. Nditafika kuyunivesite m'pamene ndinawerenga kuti munthuyu analinso katswiri wa masamu.

Charles Frederick Mackenzie anabadwira ku Scotland mu 1825. Mu 1848 anakhala wachiwiri pa mayeso a masamu a yunivesite ya Cambridge, ndipo mu 1854, chaka chomwe James Clerk Maxwell analemba mayesowo, iye anali mmodzi mwa owakonza. Masamu amazolowetsa munthu kuika zinthu m'magulu mosakayika. Mwachitsanzo, nambala 2,147,483,647 siigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Leonhard Euler anatsimikiza zimenezi mu 1772, ndipo mpaka lero palibe angatsutse. Ikule bwanji, nambala yotere imakhala yogawika kapena yosagawika; zapakati palibe.

Mu 1855 Mackenzie anasiya Cambridge n'kupita kukatumikira mpingo wa Anglican ku Natal. Pa 1 Januwale 1861 anadzozedwa ubishopu ku Cape Town kuti atsogolere mishoni ya UMCA. Mu Julaye chaka chomwecho anakwera mapiri a kum'mawa kwa Shire limodzi ndi David Livingstone, ndipo pamudzi wa Mbame gulu lawo linamasula akapolo 84. Mfumu Chigunda inawalandira ku Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi.

Apa m'pamene ndikuona kuti katswiriyu anaphonya. Anthu omwe anawapeza anawaika m'magulu awiri: Ayao ngati ogwira akapolo, Amang'anja ngati ozunzidwa. Mu Ogasiti 1861 ananyamula mfuti n'kutsogolera Amang'anja kukathira nkhondo Ayao, ndipo midzi inatenthedwa. Patapita nthawi amishoniwo anazindikira kuti Ayao ambiri nawonso ankathawa nkhondo ndi njala kwawo, komanso kuti Amang'anja ena ankagulitsa anzawo.

Mu Januwale 1862 Mackenzie anatsikira kumene Ruo amathira mu Shire kukakumana ndi Livingstone. Bwato linagubuduka, mankhwala a malungo n'kutayika m'madzi. Malungo atamugwira analibe pothawira, ndipo anamwalira pa 31 Januwale ali ndi zaka 36. Mu Epulo anzake anachoka ku Magomero n'kusamukira kwa Chibisa, kuchigwa cha Shire.

Sindikukayika kuti Mackenzie ankadana ndi ukapolo kuchokera pansi pa mtima, pakuti anasiya moyo wawofuwofu chifukwa cha zimenezo. Chomwe chinamusowa n'kuleza mtima kuti ayambe waphunzira chiyankhulo ndi mbiri ya eni nthaka asanasankhe mbali. Kwathu lero Ayao, Amang'anja ndi Alhomwe timakwatirana ndi kulirana maliro. Ndikamva wophunzira mnzanga akuweruza mtundu wonse ndi mawu amodzi, ndimakumbukira midzi ija yomwe inapsa mu 1861.