John Vaughan Thompson ndi Ana a Nkhanu

John Vaughan Thompson anabadwa m'chaka cha 1779 ndipo anakulira m'tauni ya Berwick-upon-Tweed, kumpoto kwa England. Anaphunzira zaudokotala ku Edinburgh, kenaka n'kukhala dokotala wa asilikali. Ntchitoyi inamuyendetsa maiko akutali. Kuyambira 1812 mpaka 1816 anali ku Mauritius ndi ku Madagascar, zisumbu za kum'mawa kwa Mozambique. Pa ulendo wa panyanja, ankamangirira kaukonde ka nsalu yopyapyala kumbuyo kwa sitima, n'kumakola tizilombo tovuta kutiona ndi maso.

Pakati pa tizilombo ta m'nyanja ya mchere panali kena kotchedwa zoea. Kali ndi maso aakulu, mchira wautali ndi minga yosongoka pamsana ndi pamphumi, ndipo kamasambira. Akatswiri ankati kameneka ndi mtundu wa nyama pakokha, osati mwana wa nkhanu. Ndani akanawatsutsa? Nkhanu imayenda cham'mbali pansi pa madzi, ndipo mchira wake suoneka.

Mu 1816 Thompson anatumizidwa ku Cork, m'dziko la Ireland. Kumeneko anagwira zoea wamkulu padoko, namusunga m'madzi a m'nyanja. Kachilomboko kanayamba kufundula, koma kanafa kasanamalize. Komabe Thompson anali ataona miyendo yatsopano yokhala ndi zopanira ngati za nkhanu. Umboni wa kachilombo kamodzi kakufa sunamukwanire. Mu 1827 anapeza nkhanu yaikazi yonyamula mazira kumimba, naisunga mpaka mazirawo ataswa. M'mazira aja simunatuluke tinkhanu ayi, munatuluka zoea! Monga mbululu isanduka chule, zoea nayenso asanduka nkhanu.

Zimenezi anazisindikiza mu 1828 m'buku lake lotchedwa Zoological Researches. Pambuyo pake anaonetsanso kuti kusinthako kumachitika kawiri. Zoea akafundula kangapo amasanduka megalopa, kachilombo kokhala ndi zopanira koma mchira uli chitambalalire. Megalopa amatsikira pansi pa nyanja, n'kufundula, mchira uja n'kupindikira kumimba. Apo ndiye wakhala nkhanu.

Akatswiri ena anakana kwamtuwagalu. Martin Rathke wa ku Germany anali ataona ana a nyama ina ya m'mitsinje, yachibale ndi nkhanu, akuswa ofanana kale ndi makolo awo. John Westwood wa ku England anaonanso zomwezo pa mtundu wina wa nkhanu zapamtunda. Anthuwa sananame. Ngakhale nkhanu za m'mitsinje yathu ndi za m'Nyanja ya Malawi zimaswa tinkhanu tathunthu, timene mayi amatinyamula kumimba kwake. Cholakwa chawo chinali kuganiza kuti nkhanu zonse n'chimodzimodzi. Rathke atafufuza nyama za m'nyanja ya mchere anavomera mu 1840 kuti Thompson ananena zoona, ndipo kuvomera poyera koteroko n'kwa munthu wolimba mtima.

Pa nthawiyo n'kuti Thompson ali kutali. Mu 1835 boma la Britain linamutuma ku Sydney, m'dziko la Australia, kukayang'anira zipatala za akaidi. Ntchitoyo inali ya mikangano yambiri, ndipo kafukufuku wake wa m'nyanja anathera pomwepo. Anamwalirira ku Sydney komweko pa 21 Januwale 1847.